Chidindo cha Khonsolo Sichichirikiza Khoma

Pa tsiku la chisankho mudzalandira mapepala atatu. La mtsogoleri wa dziko mwakhala mukulikambirana kwa miyezi, m'minibasi, pamsika ndi pakhonde la mzikiti. La phungu wa Nyumba ya Malamulo mukulidziwa, pakuti nsalu ndi matisheti zafika kale m'dera lanu. Koma la khansala ambiri mudzalichonga mothamanga, maso ali pa chizindikiro cha chipani, dzina la munthuyo musanaliwerenge n'komwe. Ndikukulemberani za pepala lachitatuli, abale ndi alongo anga, chifukwa mwa anthu atatuwo khansala ndiye ali pafupi kwambiri ndi khoma limene mwana wanu amagona m'munsi mwake.

Lamulo la dziko lino silibisa mawu pa nkhani yomanga. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lija la 1988, limafuna kuti womanga ayambe wapeza chilolezo. Mukafuna kumanga nyumba mumzinda, kuikweza kuti ikhale yosanja, kapena kusandutsa nyumba yogona kuti ikhale sitolo kapena sukulu, mumapereka pulani ku khonsolo, mumalipira ndalama yowunikira pulaniyo, n'kudikira kuti komiti yoona za mapulani iivomereze. Anthu ambiri amaganiza kuti nkhani imathera pamenepo, ndipo makhonsolo athu awalola kuganiza choncho. Chikhalirecho chilolezo ndi chiyambi chabe. Woyendera zomangamanga amayenera kufika pa poloti kangapo ntchito ili mkati: pamene zingwe zakokedwa, kuti aone ngati nyumbayo siinalowe mumsewu kapena m'malire a mnzanu, pamene maziko akumbidwa koma asanathiridwe konkire, pamene zitsulo zamangidwa koma zisanakwiriridwe, pamene denga likukwera, pamene ngalande ndi zimbudzi zikukonzedwa. Pomaliza pamayenera kutuluka chikalata chotsimikizira kuti nyumbayo ndi yoti anthu angalowemo.

Tsono tayang'anani mumsewu wanu, muwerenge nyumba zimene zamangidwa m'zaka khumi zapitazi, mufunse eni ake ngati anaonapo munthu wa ku khonsolo ataima m'mphepete mwa maziko awo, tepi ili m'manja. Mudzapeza kuti khonsolo timakumana nayo m'malo awiri okha. Timakumana nayo pa zenera lolipirira, pomwe sichedwa kutulutsa lisiti, ndipo timakumana nayonso patapita zaka, itabwera ndi katapila ndi apolisi kudzagumula. Pakati pa zenera ndi katapila, pomwe pali ntchito yeniyeni yoteteza moyo, pamakhala zii. Khonsolo yotere yasandutsa chilolezo kukhala msonkho, ndipo yasandutsa lamulo kukhala chilango chofika mochedwa.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya kuyendera, pakuti amene sanamangepo angaione ngati mwambo chabe wa m'maofesi. Konkire ili ndi khalidwe limodzi loopsa: imabisa. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo pa ntchito wamba ya zipilala ndi silabu amisiri amadziwa muyeso wakale wa gawo limodzi la simenti, magawo awiri a mchenga ndi anayi a miyala. Simenti ikakwera mtengo, kapena matumba ena akatulukira kuseri kwa mpanda madzulo, mawilibala a mchenga amachuluka pa thumba lomwelo. Konkire yofooka ndi yolimba zimaoneka chimodzimodzi zikauma. Chitsulo chochepa mphamvu chikaikidwa m'malo mwa chimene injiniya analemba, palibe diso limene lingachione konkire ikathiridwa. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku oyambirira, ndipo imatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene amaiwerengera. Koma mwini nyumba wofulumira lendi amachotsa matabwa ochirikiza sabata isanathe n'kuyamba kusanja njerwa pamwamba. Maziko okumbidwa pa dothi lochita kuthira, kapena pomwe kale panali dzala, amamira mwakachetechete nyengo ya mvula iliyonse. Zonsezi zikapakidwa pulasitala ndi penti, ngakhale injiniya wodziwa bwanji sangazizindikire poyang'ana chabe. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Woyendera amene wabwera penti itauma wabwera kudzaona mtundu wa penti.

Ngati mukuganiza kuti pepala lovomerezeka ndi lokwanira, kumbukirani zimene zinachitika mumzinda wa George ku South Africa mu Meyi 2024. Nyumba yosanja imene inkamangidwa kumeneko inagwa n'kupha anthu 34, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu amene anapita kukasaka maganyu. Pulani ya nyumbayo inali itavomerezedwa. Chimene ofufuza analoza chala ndi mmene ntchitoyo inkayendera ndi mmene inkayang'aniridwira. Onaninso kuti oyamba kufa pa ngozi zoterezi si eni chuma, koma anyamata onyamula ndowa za konkire.

Kukonzanso nyumba yakale n'koopsa kuposa kumanga yatsopano, ngakhale kuti ndi kumene anthu ambiri amaona kuti chilolezo n'chosafunika. Mwini sitolo amafuna malo otakasuka, ndiye amagwetsa khoma la pakati osadziwa kuti ndilo linkanyamula nsanjika ya pamwamba. Anthu a ku Blantyre sanaiwale nyumba ina yodyeramo ya pakati pa tawuni imene inagwa mu 2011 ikukonzedwa, anthu n'kufera pansi pa zigumukire. Itachitika ngoziyo tinamvanso za nyenyezi yofiira, chizindikiro chija chimene khonsolo imalemba pa nyumba zosayenera kuimanso mumzinda. Nkhani ya nyenyeziyi imadzuka, imagona, imadzukanso. Ndipo nyenyezi zina zafufuma ndi dzuwa, makoma ake ali chiimire ndipo malonda akuchitikabe m'kati.

Koma bala lalikulu ndi la mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mvula inali yoopsa, ndipo palibe khansala amene akanailetsa; ambiri amene anafa ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu anali m'midzi ya makolo awo. Komatu nyumba za m'mbali mwa Soche sizinamere usiku umodzi ngati bowa. Zinakwera phirilo chaka ndi chaka, mitengo ikugwa, njerwa zikuotchedwa, malata akunyezimira poonekera kwa mzinda wonse. Panali amene ankagulitsa mapoloti amenewo ndi kulemba timapepala tosainira. Panali amene ankadziwa kuti khwawa lakutilakuti ndi njira ya madzi, pakuti madzi saiwala khwawa. Panalinso andale amene ankakwera phirilo zaka zisanu zilizonse kukapempha mavoti, osati kukachenjeza. Timanena kuti imfa ili m'manja mwa Mulungu, ndipo n'zoona. Koma mawu amenewa sanaperekedwe kuti akhale pobisalira munthu amene analandira ndalama ya poloti ya m'khwawa.

Apa ndiye pali munthu amene ndikufuna mumuzindikire akadzafika pa bwalo lanu. Adzaima pa galimoto, chimkuzamawu chili m'manja, n'kunena kuti mukamuvotera palibe wa ku khonsolo amene adzaponde m'dera lanu, palibe nyumba imene idzakhudzidwe, aliyense adzamanga pomwe wafuna. Anthu adzaomba m'manja, amayi adzaluluta, pakuti mawuwo amamveka ngati a munthu wokonda osauka. Ine ndikuti munthu ameneyu akugula voti yanu ndi chinthu chimene si chake: akulipira ndi moyo wa ana anu. Iye sadzagona m'mbali mwa phiri, kapena m'mphepete mwa Lingadzi ku Mtandire, kapena m'mphepete mwa Nasolo ku Ndirande. Madzi akadzabwera adzafika m'mawa mwake ndi matumba a ufa ndi wojambula zithunzi.

Malonda oterewa anayesedwa kale kwina, ndipo mtengo wake ukudziwika. Mu 2018, chisankho chitayandikira, boma la dziko la Turkey linakhululukira nyumba zomangidwa popanda chilolezo kapena mosemphana ndi pulani: mwini ankangolembetsa ndi kulipira ndalama, nyumbayo n'kukhala yovomerezeka, popanda injiniya woiyesa. Anthu mamiliyoni analembetsa, ndipo anakondwa. Pa 6 Febuluwale 2023 chivomezi chinagwedeza kummwera kwa dzikolo n'kupha anthu oposa 50,000. Chivomezicho sichinafunse kuti ndi nyumba iti imene ili ndi chikalata chokhululukidwa. Musanene kuti zimenezo n'zakutali. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imagwedezeka. A ku Salima anaziona mu 1989, a ku Karonga mu Disembala 2009.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima, ndipo sindichipeputsa. Mukuti: mphunzitsi, n'kosavuta kulemba za pulani ndi injiniya, koma munthu wogulitsa tomato atenga kuti ndalama yojambulitsa pulani? Poloti yovomerezeka aipeza kuti? Funsoli ndi lolungama. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo oposa theka a iwo amakhala m'madera amene sanayalidwe pa pulani iliyonse. Anthuwa sanasankhe Chinsapo, Kauma, Mbayani kapena Bangwe chifukwa chodana ndi lamulo. Kale kunali madera amene bungwe la Malawi Housing Corporation linkayeza mapoloti ang'onoang'ono, kulambula misewu, ndi kulola munthu kumanga ndi zipangizo zimene angakwanitse. Maderawa anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo m'zaka za m'ma 1990, koma kuyeza mapoloti atsopano sikunayendere limodzi ndi kuchuluka kwa anthu. Munthu amene wadikira poloti zaka zambiri osayankhidwa amapita kwa amene angamupatse lero, kaya ndi mfumu ya m'tauni kaya dobadoba. Ndipo amene wapereka pulani yake moona mtima n'kumauzidwa mwezi ndi mwezi kuti fayilo ikufunidwa, mpaka wina am'nong'oneze kuti kangachepe kangaithandize kupezeka, amaphunzira msanga kuti kumvera lamulo n'kodula kuposa kuliphwanya.

Koma taonani kumene funsoli likutifikitsa. Silikutiuza kuti osauka safunika woyendera. Likutiuza kuti osauka ndiwo amamufuna kwambiri, ndipo khonsolo yawamana. Wolemera amadzilembera injiniya wake. Mayi wamasiye amene akumanga zipinda ziwiri ndi ndalama za bankimkhonde alibe wina womuuza kuti mmisiri wake akumubera simenti, kuti nyumba yomangira dothi imafuna maziko okwera ndi khonde loteteza khoma ku mvula, kapena kuti chimbudzi chake chayandikana kwambiri ndi chitsime cha oyandikana naye. Alangizi a zaumoyo amanena za mamita 30 pakati pa chimbudzi chokumba ndi chitsime, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, unatikumbutsa chifukwa chake. Khonsolo yofuna kuthandiza ingathe kujambulitsa mapulani ochepa a nyumba zing'onozing'ono, ovomerezedwa kale, n'kumawapereka ulere kapena pa mtengo wa thumba la mchere. Ingathe kudziikira malire a masiku oti iyankhe pulani iliyonse, n'kuwapachika pakhoma kuti aliyense awaone. Ingathe kugulira oyendera ake njinga zamoto ndi mafuta, kuti asamapemphe womanga kuti awatumizire galimoto; pakuti woyendera amene wakwera galimoto ya mwini nyumba ndi kudya nkhomaliro yake sangakane maziko ake. Zonsezi sizifuna ngongole ya kunja. Zimafuna bajeti yolembedwa ndi anthu amene amaona kuti n'zofunika.

Palinso chinthu china chimene chimawawitsa mtima wa osauka, ndipo n'choonadi. Katapila amadziwa njira ya kwa wogulitsa makala, koma amasochera akamapita ku nyumba yosanja imene yamangidwa m'dambo, pamalo osungira msewu, kapena pa bwalo limene linasiyidwira ana. Mwini nyumba yoteroyo amakhala ndi loya, chiletso cha ku khoti, ndi nambala ya foni ya munthu wamkulu. Lamulo loluma mbali imodzi silingalemekezedwe. Choncho wopikisana amene akukulonjezani kuti adzagumula zonse zosavomerezeka mumufunse kuti adzayambira pati. Akatchula makhumbi a pamsika okha, mwamudziwa.

Tsopano nditembenukire kwa ife eni, pakuti nkhaniyi yatilowera mpaka m'mipanda ya mizikiti. Timamanga kwambiri masiku ano, mizikiti, madrasa, nyumba zogona ophunzira, ndipo zambiri timamanga ndi ndalama za sadaka zimene anthu anapereka pofuna malipiro kwa Mulungu. Kangati komiti imaona kuti jamaa yakula, n'kuganiza zosanjikiza chipinda cha amayi pamwamba pa maziko amene anakumbidwira nyumba yapansi? Kangati timaika ana makumi asanu ndi limodzi m'chipinda cha khomo limodzi lotsekukira m'kati, mawindo onse otchingidwa ndi zitsulo? Wina akafunsa za pulani amayankhidwa kuti iyi ndi nyumba ya Mulungu, ngati kuti mphamvu yokokera zinthu pansi imavula nsapato pakhomo. Wopereka thandizo akafuna zithunzi za nyumba yomalizidwa Ramadhani isanafike, konkire imalandidwa masiku ake. Ine ndimaphunzitsa ana pansi pa denga loterolo masana aliwonse, ndipo makolo amene amawatumiza sanaonepo zimene zili m'kati mwa zipilala zake, amangokhulupirira.

Wonena kuti kuyendera zomangamanga ndi mwambo wa azungu sanawerenge mbiri yake yomwe. Mizinda ya Asilamu akale inali ndi wantchito wotchedwa muhtasib, amene ankayang'anira masikelo a pamsika, misewu ndi nyumba, ndipo ankalamula kuti khoma lopendekera mumsewu ligwetsedwe lisanaphe munthu. Ibn Abdun, amene analemba za kayendetsedwe ka mzinda wa Seville chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, anafika polangiza kuti zikombole za muyeso wa njerwa ndi matailosi zisungidwe kwa muhtasib kapena zipachikidwe mumzikiti waukulu, kuti woumba njerwa zoperewera agwidwe ndi muyeso umene aliyense akuuona. Ibn al-Rami, mmisiri womanga wa ku Tunis wa m'zaka za m'ma 1300, amene oweruza ankamutuma kukayendera makoma okanganirana, analemba buku lathunthu la malamulo a zomangamanga. Anthu amenewa ankaona kuyeza njerwa ngati mbali ya chilungamo. Ife, adzukulu awo m'chipembedzo, tikamapereka envulopu kuti fayilo ya mzikiti idumphe mzere, kapena kuti woyendera asainire ali mu ofesi, tisadzinamize kuti cholinga chabwino chayeretsa chiphuphucho.

Kodi khansala angachitepo chiyani? Tisamukweze kuposa msinkhu wake. Sasaina pulani, salemba ntchito mkulu wa khonsolo, ndipo khansala amene amalowerera kuti pulani ya mnzake idutse ndi mbali ya matendawa. Koma makhansala ndiwo amavomereza bajeti ya khonsolo, amapanga malamulo ang'onoang'ono a mzinda, amakhala m'makomiti amene akuluakulu a nthambi amayankhako mafunso, ndiponso amasankha mfumu ya mzinda pakati pawo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo kwa zaka zonsezo panalibe munthu wosankhidwa ndi ife woti afunse mafunso amenewa m'chipinda cha khonsolo. Tinawapezanso mu 2014. Sitinawapezere kuti azingogula mabokosi a maliro ndi kutsegulira mipikisano ya mpira.

Choncho wopikisana akadzapempha mphindi zisanu kwa komiti ya mzikiti wanu, kapena akadzafika pa bwalo la sukulu, musamulole achoke ndi nyimbo zokha. Mufunseni kuti khonsolo yake ili ndi oyendera zomangamanga angati, ndipo amayenda pa chiyani. Ngati sakudziwa, sanakonzekere ntchito imene akuipempha. Mufunseni kuti pulani ya nyumba ya zipinda zitatu imatenga masiku angati, ndi kuti adzachita chiyani kuti chiwerengerocho chizilengezedwa poyera miyezi itatu iliyonse. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo zimenezi si zinsinsi. Mufunseni kuti mu wodi yanu ndi malo ati amene iye, ndi pakamwa pake, anganene kuti munthu asamangepo, ndipo amene ali pamenepo kale adzawapezera kuti poloti ina asanawauze zosamuka. Yankho la funso limeneli lingamutayitse mavoti a mabanja ena tsiku lomwelo, ndipo n'chifukwa chake muyenera kulimva pamaso pa anthu, osati kuseri.

Ambiri mwa opikisanawa ndi eni nyumba za lendi, masitolo, malo ogona alendo ndi sukulu zolipira. Nyumba zawo mukuzidziwa, pakuti zili mumsewu wanu womwewo. Mupempheni aliyense abwere ku msonkhano wotsatira ndi pulani yodindidwa ya nyumba yake, pamodzi ndi chikalata chosonyeza kuti woyendera anafika maziko asanakwiriridwe. Komiti ya mzikiti nayo ibweretse za mzikiti ndi za madrasa, ziikidwe pa tebulo lomwelo.